THANDIZO LA NDALAMA KWA ACHINYAMATA LIFIKE NYENGO YA NAZALE ISANAPITE

Mawu okambidwa pa msonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma



Nkhani imene yasonkhanitsa anthu pano lero ndi ya ndalama zochepa zimene Boma ndi mabungwe ena amapereka kwa magulu a achinyamata kuti agwirire ntchito zoteteza nthaka, madzi ndi mitengo m'madera mwawo. Poyerekeza ndi ndalama zomangira misewu, milatho kapena zipatala, ndalama zimenezi nzazing'ono kwambiri, kotero kuti ena amaziona ngati nkhani yosayenera kutayirapo nthawi ya akuluakulu. Maganizo otere ngolakwika. Izi ndi ndalama zimene zimafika m'manja mwa mnyamata ndi mtsikana wa kumudzi popanda kontalakitala pakati, ndipo kayendedwe kake ndiko kadzaphunzitse achinyamatawo ngati Boma ndi Chipani zili zokhulupirika kapena ayi.

Dziko la Malawi silinakule chilandirire ufulu mu 1964, koma anthu ake achuluka. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali ana osafika zaka 18. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake aliyense akuziona ndi maso. Phiri la Ndirande, lomwe linali lakuda bii ndi mitengo, linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene anthu a mu mzinda wa Lilongwe amamwa, inafika pofuna asilikali a nkhondo kuti akailondere mu 2015 chifukwa cha ootcha makala.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka chathunthu. Zigayo zinaima, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi anakhala manja lende. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nkukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha Kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Nzoona kuti mvula ya ukulu wotere mitengo payokha singaitchinge. Koma phiri lopanda mitengo ndi udzu limatumiza madzi ake onse nthawi imodzi, pamodzi ndi dothi, ndipo dothi limenelo ndilo chajira cha m'munda wa mlimi, ndilonso limakadzaza pa Nkula ndi pa Tedzani nkuchepetsa mphamvu ya makina a magetsi.

Mtundu uno si mlendo pa ntchito yoteteza nthaka. Mu 1976 Boma la Dr. H. Kamuzu Banda linakhazikitsa Tsiku Lobzala Mitengo, pa 21 Januwale, ndipo pambuyo pake tsikulo linasanduka nyengo yathunthu yoyambira pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Akuluakulu ambiri akukumbukira Sabata ya Achinyamata, pamene ana a sukulu ndi anyamata a m'midzi ankalambula misewu ndi kuumba njerwa mwa njira yodzithandiza okha. Lamulo la Nkhalango la 1997 linavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ndiponso nkhalango za m'midzi, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo inalikhwimitsa pokweza zilango za owononga mitengo. Mu 2016 dziko lino linalonjeza pamaso pa maiko ena kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni, omwe ndi pafupifupi theka la mtunda wonse wa Malawi. Lonjezo lotere alonda a nkhalango ndi alangizi a Boma sangalikwanitse paokha. Mutu umodzi susenza denga. Manja ochuluka ali kwa achinyamata, ndipo iwo ndiwo adzakhale pa nthaka imeneyi akuluakulu a lero atapita.

Tsono nkofunika kuti atsogoleri amvetse bwino chimene thandizoli lili, pakuti m'midzi yambiri anthu amalisokoneza ndi zinthu zina ziwiri. Pali ngongole, imene munthu amalandira kuti achite malonda nkubweza ndi chiwongoladzanja. Pali ganyu, monga ndondomeko imene Boma linalengeza mu 2018 yolemba achinyamata ntchito yobzala ndi kusamala mitengo, momwe wogwira ntchito amalandira malipiro a tsiku. Thandizo limene likukambidwa pano nlosiyana ndi zonsezi. Achinyamata eni ake amaona vuto la m'dera lawo, amapangana chochita, amalemba zimene zifunike ndi mtengo wake, ndipo akavomerezedwa amalandira ndalama zimene sadzabweza. Chimene amabweza ndi ntchito yooneka ndi maso pamodzi ndi malisiti osonyeza kumene tambala iliyonse yapita.

Magwero a thandizo lotere alipo angapo. Thumba la maiko la Global Environment Facility linayambitsa ndondomeko yake ya thandizo laling'ono mu 1992, chaka cha msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Rio de Janeiro, ndipo kwa zaka zambiri yayendetsedwa ndi bungwe la UNDP, kupereka ndalama zofika madola 50,000 mwachindunji kwa magulu a m'midzi m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi. Kuno kwathu kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Environmental Endowment Trust mu 1999, lomwe linapangidwa kuti lisunge thumba la ndalama nkumathandiza magulu ndi phindu la thumbalo. Makhonsolo, mipingo ndi mabungwe omwe si a Boma nawonso amapereka thandizo lotere. Magulu ambiri a achinyamata safuna nkomwe ndalama zambiri chotero. Chimene amafuna ndi machubu, mbewu za mitengo, makheni othirira, wilibala, makasu, zikwanje ndi mapepala a lipoti. Kuchepa kwa ndalamako nkumene kuli ubwino wake, chifukwa mudzi wonse ungathe kuziwerenga, ndipo gulu likalephera dziko silitaya zambiri.

Chinthu chachikulu chimene ogwira ntchito m'maofesi ayenera kusunga mumtima nchakuti ntchito ya mitengo imatsata kalendala ya mvula, siidikira kalendala ya ofesi. Gulu lofuna kudzawokera mbande zake mu Disembala liyenera kukhala ndi zipangizo pofika Juni kapena Julayi. Pamenepo limamanga mpanda wa nazale pafupi ndi madzi osaphwa, kusakaniza dothi lachonde, mchenga ndi manyowa, ndi kuthira m'machubu. Mu Ogasiti ndi Sepitembala limafesa mbewu. M'chilimwe chonse, dzuwa likuswa mtengo, anyamata ndi atsikana amathirira m'mawa ndi madzulo, kuzula udzu, ndi kudula mizu yotulukira kunsi kwa machubu kuti isalowe m'nthaka. Mvula ikayandikira amachepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime, ndipo amakumbiratu maenje. Kuwokera kumachitika mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, kuti mtengo upezane ndi miyezi itatu ya chinyontho. Kenaka pamabwera kupalira, kulimbana ndi chiswe, kulambula njira zotchinga moto wolusa mu Meyi ndi Juni, ndi kutchingira mbuzi zimene zimatayiriridwa anthu akakolola.

Ndalama zikachedwa pa desiki la munthu mmodzi nkudzafika mu Febuluwale, chaka chonse chatayika. Gululo, poopa kuti ndalama zingabwerere, limathamangira kukagula mbande kwa amalonda pa mtengo wokwera, kuzinyamula pa lole mtunda wautali, nkuziwokera mu Malichi mvula ili kumapeto. Chithunzi chimajambulidwa, lipoti limalembedwa, koma pofika Okutobala m'mundamo mumangotsala timitengo touma. Apa anthu amanyoza achinyamata kuti ngaulesi, chikhalirecho wopha mbandezo ndi amene anasunga fayilo. Kuchedwa kumadyanso ndalamayo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo gulu limene linawerengera mitengo ya zipangizo nkudikira miyezi isanu ndi umodzi linakapeza kuti ndalama zake sizikukwananso. Chiyambire 2022 chaka cha ndalama cha Boma chimayamba pa 1 Epulo. Izi zikupereka miyezi itatu yathunthu yakuti mafomu aunikidwe ndi ndalama zituluke nyengo ya nazale isanafike, ndipo ofesi imene ikulephera kutero ilibe pothawira.

Atsogoleri asaganizenso kuti ntchito yoyenera thandizo ndi kubzala bulugama ndi paini basi. Pa mapiri ambiri ometedwa zitsa za mitengo yachilengedwe zikadali zamoyo. Chitsa chotere chili kale ndi mizu yozama, ndipo gulu likasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kusadzira zotsalazo ndi kuteteza malowo ku moto ndi ziweto, m'zaka zowerengeka masuku, muwanga ndi mlombwa zimabwerera popanda chubu ngakhale chimodzi. M'minda, mtengo wa nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga koma umachipatsa chajira. Gilisidiya nayenso amabwezeretsa chonde. Pa malo otsetsereka, akalozera ndi udzu wa vetiva zimagwira dothi, ndipo nsungwi zimalimbitsa magombe a mitsinje ndi kutseka zigwembe. Gulu lopachika ming'oma ya njuchi m'nkhalango ya mudzi limapeza ndalama za uchi, ndipo palibe mlonda woposa munthu amene ming'oma yake ingapse moto ukalowa. Ena amaumba mbaula za dothi za Chitetezo, zomwe zimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Ntchito ya mbaula zotere inakula pamene Pulezidenti Joyce Banda analengeza mu 2013 kuti dziko lino lifikitse mbaula 2 miliyoni pofika 2020.

M'mizinda vuto ndi zinyalala. Mitsinje ya Mudi ku Blantyre ndi Lingadzi ku Lilongwe imanyamula majumbo ndi mabotolo, ndipo ngalande zikatsekeka madzi amalowa m'nyumba za anthu. Magulu a achinyamata angathe kusandutsa zinyalala za m'misika kukhala manyowa ogulitsa kwa alimi a madimba. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linaligwiriziza mu 2019. Mmodzi mwa amene anamenyera nkhondo lamuloli, mayi Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya dziko lonse ya Goldman mu 2021. Nayenso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 zokha pamene anayamba kupanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi ziwalo za njinga. Nzeru m'midzi zilimo. Komiti younika mapempho izimvetsera zimene achinyamata eni ake aganiza, isamawakakamize onse kulemba chinthu chimodzi chifukwa chakuti nchosavuta kuwerenga pa lipoti.

Kwa Mafumu pali pempho limodzi lalikulu, lokhudza malo. Gulu lisanalandire ndalama, mfumu ionetse malowo pamaso pa mudzi wonse, malire adziwike, ndipo palembedwe pangano lonena amene adzadule milimo, amene adzathyole zipatso, amene adzafule uchi, ndi gawo limene lidzapite ku mudzi. Pangano lotere likasowa, mitengo imakula mwamtendere zaka zisanu, kenaka pamatulukira munthu wonena kuti pamenepo panali munda wa agogo ake. Achinyamata amene analandidwa nkhalango yawo kamodzi sadzagwiranso kheni, ndipo anzawo a midzi yoyandikana amamva nkutengerapo phunziro.

Kwa atsogoleri a Chipani mawu ayenera kunenedwa mosapsatira. Ndalama zimenezi si mphoto ya amene anavina pa msonkhano kapena amene anathandiza pa kampeni. Chiyambire riferendamu ya 1993 dziko lino lili ndi zipani zambiri, ndipo Malamulo Aakulu a dziko amaletsa kusala munthu chifukwa cha maganizo ake pa ndale. Malamulo omwewo, m'gawo 13, amalamula Boma kusamala zachilengedwe moganizira ufulu wa mibadwo ya mtsogolo. Napolo safunsa khadi la chipani. Mtsinje wodutsa m'mudzi wa otsutsa ndi womwewo umakasefukira m'mudzi wa otsatira Boma kumunsi. Wapampando wa nthambi amene achotsa dzina la gulu lolimbikira nkuikapo la adzukulu ake wawononga dera lake lomwe, ndiponso wanyozetsa Chipani pamaso pa anthu amene adzaponye voti kwa zaka makumi anayi zikudzazi.

Pali matenda ena awiri ofunika kuwatchula. Oyamba ndi magulu a m'chikwama, amene amabadwa sabata imene mphekesera ya ndalama yamveka, okhala ndi chidindo ndi maina koma opanda nazale, nkufa tsiku limene cheke chasinthidwa. Achiwiri ndi kangachepe, pamene mtsogoleri kapena kalaliki auza achinyamata kuti pempho lawo liyenda pokhapokha akamuganizira. Ichi nchiphuphu, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa bwanji, ndipo lamulo lolimbana ndi katangale la 1995 silinaike malire akuti wakuba pang'ono ngwosalakwa. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mnyamata amene waphunzira ali ndi zaka 18 kuti ndalama ya Boma imayenda ndi chiphuphu adzachita zomwezo akadzakhala pa mpando. Ntchito yeniyeni ya mtsogoleri wa Chipani ndiyo kulengeza za thandizoli poyera pa misonkhano, m'mipingo ndi m'mizikiti, kulimbikitsa magulu amene akugwira kale ntchito ndi manja awo kuti apemphe, ndi kukagogoda ku khonsolo ndalama zikachedwa.

Ogwira ntchito m'Boma nawonso ali ndi mbali yawo. Si chilungamo kuti gawo lalikulu la thandizo lithere m'maalawansi, mafuta a galimoto ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, pamene gulu lenilenilo lalandira makheni awiri. Maphunziro a nazale malo ake ndi pa nazale, ndipo mlangizi wa za nkhalango kapena wa zaulimi wa m'deralo ndiye mphunzitsi woyenera. Mafomu akhale aafupi, ndipo apezeke m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, pakuti fomu ya Chingerezi chozama imasankha odziwa kulemba nkusiya odziwa kugwira ntchito. Mkulu woona za achinyamata pa boma athandize magulu kulembetsa ku khonsolo ndi ku bungwe la National Youth Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndiponso kutsegula akaunti ku banki. Ndalama ziperekedwe m'zigawo, chigawo chachiwiri chituluke mlangizi ataona ndi maso ake zimene choyamba chachita. Maina a magulu opambana ndi ndalama zimene alandira zimatidwe pa bolodi la khonsolo ndi kuwerengedwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera.

Kawerengedwe ka zotsatira nakonso kasinthe. Chaka ndi chaka dziko limamva chiwerengero cha mitengo yobzalidwa, koma chiwerengero chofunika ndi cha mitengo imene yapulumuka chilimwe choyamba. Mlangizi apite mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanagwe, akawerenge mitengo yamoyo. Gulu limene linawokera mbande 2,000 nkupulumutsa 1,500 laposa limene linawokera 10,000 nkutsala ndi 500, ndipo loyambalo ndilo liyenera kulandiranso. Mbali ina ya thandizo izisungidwira chisamaliro cha chaka chachiwiri, chifukwa kubzala ndi kwa tsiku limodzi pamene kulera ndi kwa zaka.

Achinyamata nawonso adziwe kuti thandizo limadza ndi mwambo. Ndalama zisatuluke ku banki ndi saini ya munthu mmodzi. Msungichuma akhale ndi buku, malisiti asungidwe, ndipo lipoti liwerengedwe pamaso pa mamembala onse ndi mfumu. Atsikana, amene amayenda mitunda italiitali kukatola nkhuni ndi kutunga madzi, akhale m'maudindo enieni monga upampando ndi usungichuma, asamangoitanidwa kudzaphika ndi kuimba alendo akabwera. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko lino imati wachinyamata ndi wa zaka zoyambira 10 mpaka 35, choncho bambo wa zaka 50 akhale mlangizi wa gulu, mpando ausiyire eni ake. Popeza achinyamata amasamuka, ena kupita ku sukulu, ena ku banja, ena kukafuna ntchito ku Joni, gulu lanzeru limalandira mamembala atsopano chaka chilichonse kuti nkhalango isasanduke yamasiye.

Alipo amene amati zonsezi nkutaya nthawi, popeza mnyamata wanjala adzaotchabe makala. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo nchifukwa chake thandizo labwino limaphatikiza ntchito yoteteza ndi kanthu kobweretsa ndalama msanga, monga uchi, mbande zogulitsa, mbaula, manyowa kapena mitengo ya zipatso yomezanitsa. Nzoonanso kuti makala ambiri amaphikidwira m'mizinda, m'nyumba za anthu a malipiro a pamwezi, ndipo ambiri a iwo ndi ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri. Munthu amene amaimitsa galimoto ya Boma m'mphepete mwa msewu nkukweza matumba a makala osaloledwa alibe mawu pamaso pa achinyamata amene akuthirira mbande.

Olemekezeka a Pampando, pobwerera kumadera kwawo atsogoleri onse atenge ntchito zodziwika. Wa Chipani akafufuze magulu amene ali kale ndi nazale kapena nkhalango m'dera lake, posayang'ana mbali, nkuwauza kumene thandizo likupezeka. Mfumu ikaonetse malo ndi kusindikiza pangano. Wa ku khonsolo akaonetsetse kuti ndalama zatuluka Julayi asanathe. Mlangizi akawerenge mitengo yamoyo chilimwe chikamatha nkupereka chiwerengero choona, chikome kapena chiipe. M'mera mpoyamba. Chaka cha 2030 chimene dziko linalonjeza chili pafupi, ndipo mbande zimene zidzawerengedwe chaka chimenecho ziyenera kufesedwa m'nyengo ya nazale ikubwerayi.